Mapointi 9 koma wasiyidwa: pa ichi a ku Zambia atiposa

Mndandanda wa osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma ukangotuluka, madandaulo amakhala omwe aja: wa mapointi 9 palibe, wa 10 palibe, koma mnzawo wa 15 dzina lake lilipo. Makolo amathamangira kunena kuti pachitika chinyengo, ena mpaka kukumbutsa za kota ngakhale kotayo inathetsedwa mu 2020. Ulendo unonso nyimbo ndi yomweyo. Ine chikundiwawa si chinyengo ayi, koma dongosolo lenilenilo. Kuno tsogolo la mwana wa zaka 17 timaligamula ndi mayeso amodzi ndi fomu imodzi, pomwe anzathu, kungodutsa pa Mwami, amampatsa mwana chaka chathunthu ali m'kati mwa yunivesite kuti adzionetse kuti ndi ndani.

Tiyambe ndi zakwathu, chifukwa ambiri amene amalira samadziwa pamene anagwera. MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulakwa. Mapointi amene timanyadira pa Facebook aja amachokera m'maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino kwambiri. Kuti alembe fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, amafunika ma credit 6, Chingerezi chili momwemo. Fomu imodziyo ndiyo imamufikitsa ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST, ndipo amasanja mapologalamu motsatana ndi mmene akuwafunira. Mpaka apa zonse zili bwino. Vuto ndi lakuti pologalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana, ndipo mapointi a pa satifiketi sanena chilichonse za maphunzirowo.

Taonani chitsanzo ichi. Mwana woyamba wapeza Chichewa 1, Bible Knowledge 1, Geography 1, Chingerezi 2, Agriculture 2, Biology 2. Mapointi 9, mudzi wonse ukuvina. Koma Masamu ali ndi 4, Physics 4, Chemistry 3. Mwana wachiwiri ali ndi mapointi 12: Masamu 1, Biology 1, Physics 2, Chemistry 2, Chingerezi 3, Geography 3. Onse awiri alemba zaudokotala. Mukawonkhetsa maphunziro anayi a sayansi okha, woyamba ali ndi 13, wachiwiri ali ndi 6. Amene akutengedwa ndi wachiwiri, ndipo palibe amene waba malo a mnzake. Woyamba uja akakhala kuti fomu yonse anaidzaza ndi zaudokotala, zamankhwala ndi zauinjiniya, ndiye kuti wagwa paliponse kamodzin'kamodzi, akhala pakhomo chaka china ndi mapointi ake 9.

Tsono onani mmene a ku Zambia amachitira. Magiredi awo a Grade 12 akunga athu omwe, kuyambira 1 mpaka 9, kungoti bungwe lawo la mayeso la ECZ limati 3 ndi 4 ndi merit, 5 ndi 6 ndiye credit. UNZA (University of Zambia, ku Lusaka) imafuna ma credit 5, osati 6. Koma chachikulu ndi ichi: njira yodziwika yopita ku udokotala, uinjiniya, zamigodi, zaulimi kapena udokotala wa ziweto pa UNZA imadzera ku School of Natural Sciences, imene aliyense amangoti NS. Mwana amalowa NS ndi magiredi ake a Grade 12, nakhala chaka choyamba pa kampasi ya Great East Road akuphunzira Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu pamodzi ndi anzake onse. Zotsatira za chaka chimenecho ndi zimene zimagamula amene adzathere ku Ridgeway, kampasi ya zaudokotala ya pafupi ndi chipatala cha UTH, ndi amene apite kwina. Ku CBU (Copperbelt University) ku Kitwe nakonso ganizo ndi lomweli: chaka choyamba cha sayansi, kenako kugawidwa. Grade 12 imangotsegula geti. Kumenyera malo enieni kumachitikira m'kati.

Mwina wina anena kuti n'chimodzimodzi, mpikisano ndi mpikisano basi. Ayi, si chimodzimodzi. Ganizirani mwana wa pa CDSS ya kumudzi kumene labotale kulibe, mphunzitsi wa Physics ndi yemweyonso wa Masamu ndi Agriculture, ndipo zida za practical amazigwira koyamba kutatsala milungu yochepa kuti alembe mayeso. Mwana ameneyu akapeza 4 mu Chemistry, m'mutu mwake muli zambiri kuposa wa pa national secondary kapena pa sukulu ya mishoni amene wapeza 2. Dongosolo lathu silingamuone mwana ameneyu, chifukwa limayeza sukulu imene anachokera n'kumati likuyeza nzeru. Ku Zambia, akangokwanitsa kulowa NS, amakhala m'chipinda chimodzi ndi mwana wa ku Kabulonga, dera la anthu olemera ku Lusaka, mphunzitsi mmodzi, labotale imodzi, laibulale imodzi. Sindikuti kusiyana kumatheratu, koma mpikisano umayambikanso mwatsopano, ndipo ana ambiri amene anaphunzira movutika amadzuka pomwepo. Ku KUHeS chaka chokonzekera chilipo, inde, koma amalowamo ndi okhawo amene MSCE yawasankha kale. Geti latsekedwa mwana asanaone n'komwe mmene yunivesite imakhalira.

Ndipo chopweteka n'chakuti nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Zamalamulo pa Chancellor College (imene tsopano ndi UNIMA) takhala tikuchita chonchi kwa zaka zambiri: munthu amayamba waphunzira pa yunivesite, naonetsa kuti akukhoza, ndiye nkupikisana kuti alowe. Maloya tinaona kuti ndi bwino kuwayesa kaye, koma madokotala ndi mainjiniya tikuwasankha ndi mayeso a Fomu 4.

Komabe ndisawakweze kwambiri anzathuwa, chifukwa NS ndi chigayo. Olowa ndi ochuluka, malo a udokotala ndi ochepa, ndipo mwana amene kwawo ankatchedwa kale "adokotala" amatha kugona m'kalasi chaka chonse n'kupezeka kuti mapointi sanakwane. Akatero amatsala ndi digiri ya sayansi imene sanailote, kapena amayamba kufunafuna yunivesite yolipira, ndalama za chaka chathunthu zitapita. Wodwala malungo sabata ya mayeso, wosowa malo ogona n'kumayenda kuchokera ku Kalingalinga kapena ku Mtendere tsiku ndi tsiku, onsewa amagwa pa zifukwa zosakhudza nzeru. Apa ndikuvomereza: mwana wa ku Malawi amene wasankhidwa amadziwa chimene akukaphunzira kuyambira tsiku loyamba, ndipo makolo amadziwa chimene akugulitsira chimanga.

Ndivomerezenso za fomu. Ku Zambia yunivesite iliyonse ili ndi fomu yake ndi ndalama zake. Wofuna UNZA, CBU ndi Mulungushi ya ku Kabwe alipira katatu, ndipo mwana wa munthu wosauka wa ku Lundazi angokwanitsa imodzi. Mwana wanzeru wa pabanja lopeza amatha kulandira makalata atatu n'kutsekereza malo awiri amene sadzapitako. Pamenepa NCHE inachita bwino: kulipira kamodzi, malo amodzi kwa munthu mmodzi. Koma ubwino womwewo ndi umene umapanga kuti kulakwitsa kumodzi kukhale kwa chaka chonse. Wa ku Zambia akakanidwa ku Lusaka amakhala akudikirabe yankho la ku Kitwe kapena ku Kabwe. Wathu akakanidwa, wakanidwa ndi mayunivesite onse 6 tsiku limodzi.

Pa za ngongole sindikuona wopambana. Ife tili ndi HESLGB, iwo ali ndi HELSB, ndipo mbali zonse ziwiri kusankhidwa si kupatsidwa ngongole: fomu yake ndi ina, tsiku lotseka ndi lina, ndipo ana ambiri amaziwala zimenezi ali pa chikondwerero. Kusiyana kooneka n'kwakuti ndalama ya chakudya ya ophunzira imene boma la Zambia linachotsa mu 2019 inabwezeretsedwa mu 2023. Pa kukonza magiredi, iwo ali ndi mayeso a GCE pakati pa chaka, mwana n'kulembanso phunziro limene linamugwetsa. Apanso ali patsogolo pang'ono.

Za ena aja n'zachidule. Ku Zimbabwe mwana amawonjezera Fomu 5 ndi 6, nasankha maphunziro atatu, A iliyonse mapointi 5, ndiye wa 15 ndiye katswiri. Amalowa yunivesite atakhwima, koma amadzitsekera njira ali ndi zaka 16. Ku Mozambique yunivesite ya Eduardo Mondlane (UEM) imalembetsa mayeso akeake olowera, ngati mmene UNIMA inkachitira kale. Ku South Africa amalemba mafomu ali m'kati mwa Grade 12 pogwiritsa ntchito zotsatira za Grade 11, ndipo makolo a ku Joni amene mumaganiza zoitanitsa mwana ndi MSCE yake, dziwani kuti MSCE amaiona ngati O-Level, pamafunika chikalata cha exemption chomuloleza kulowa yunivesite, ndipo thandizo la boma kwa ophunzira la NSFAS si la alendo.

Poti dongosolo lathu silisintha mawa, mwana wa Fomu 4 ndi aphunzitsi ake achite izi. Asanagwire fomu, awerenge chikalata chonse cha NCHE cha chaka chimenecho, osati cha chaka chatha, ndipo pa pologalamu iliyonse alembe pambali magiredi ake a maphunziro amene akufunidwawo. Ngati phunziro limodzi lofunika lilibe credit, malo amenewo pa fomu awonongeka, kaya mapointi ndi 8. Pologalamu ya maloto aiike poyamba, palibe choletsa, koma imodzi kapena ziwiri basi. Pakati aikepo zimene magiredi ake ali olimba kwenikweni, ndipo kumapeto aikepo zimene anthu sazithamangira koma iye angathe kuziphunzira zaka zinayi osadandaula: zauphunzitsi wa sayansi, zankhalango, zausodzi, za nthaka, za madzi. Kulemba udokotala, zamankhwala ndi unamwino motsatana si kusankha katatu ayi, chifukwa amene akukuposa poyamba ndi omwewo akukudikira pachiwiri ndi pachitatu.

Fomu asadzazitse munthu wa pa intaneti kafe yekha. Khodi ya pologalamu ikalakwika, kapena nambala ya mayeso ikasemphana ndi ya MANEB, makina sadziwa kuti mwanayo ankafuna chiyani. Aone yekha asanatumize, asunge risiti ndi kope la fomuyo. Ndipo inu a Fomu 2 ndi 3 amene mukuganiza zosiya Physics kapena Chemistry kuti mapointi adzatsike, mukudzitsekera mapologalamu ambiri a KUHeS, MUST ndi MUBAS musanalembe n'komwe mayeso.

Wosiyidwa asathamangire kubwereza. NCHE imalandira amene analemba m'zaka zitatu zapitazi, ndiye ngati magiredi ali bwino ndipo vuto linali kasankhidwe, chaka chamawa angolembanso fomu mwanzeru. Kubwereza Fomu 4 n'koyenera pokhapokha ngati phunziro lenileni limene pologalamuyo imafuna ndi limene lili ndi 5 kapena 6, kapena lilibe n'komwe credit.