Galu wanu akaluma munthu, mwaluma ndinu

Ndakwiya abale, ndipo lero sindisankha mawu.

Dzulo m'mawa mumsewu wathu kuno ku Lilongwe galu waluma mayi ena ogulitsa masamba. Tonse timawadziwa, amadutsa tsiku ndi tsiku dengu la mpiru ndi tomato lili pamutu. Mnyamata wantchito panyumba ina ya mpanda anatsekula geti kuti abwana ake atulutse galimoto, chigalu n'kutulukira pomwepo. Pit bull. Sichinauwe n'komwe. Chinangowagwetsa n'kuwagwira pantchafu. Anyamata a kabaza anathamangira, wina ndi mtengo, wina ndi njerwa, koma chigalucho osasiya, chikungopukusa mutu mnofu wa munthu uli kukamwa. Pamene chimadzasiya n'kuti chitenje chonse chili magazi okhaokha, tomato ali mbwee mumsewu.

Koma chandiwawa kuposa zonse ndi mawu amene anatuluka pakamwa pa mwini galuyo. Anatsika m'galimoto, kuyang'ana, n'kunena kuti, "Galu wangayu saluma. Vuto amayiwa anathawa." Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa K5,000, ati ya kabaza wopitira kuchipatala. Galimoto ili pomwepo, injini ikulira, koma munthu wovulazidwa ndi galu wake akwere kabaza. Ngakhale "pepani" sanamveke.

Galu wanu saluma? Nanga magazi aja anachokera kuti? Ndatopa nawo mawu amenewa. Aliyense woweta chigalu choopsa amanena zomwezomwezi mpaka tsiku limene chidzang'ambe mwana wa mnzake. Saluma, amangosewera. Saluma, ndi wofatsa kwabasi, amasewera ndi ana anga. Ana anu amawadziwa, ife satidziwa! Ndipo ndani angaime chilili chinyama cholemera ngati thumba la chimanga chikumuthamangira? Munthu wamkulu kuimba mlandu mayi wosauka kuti analakwa kuthawa, manyazi mulibe?

Mlandu wa galu ndi wa mwini galu. Galu sanadzigule yekha. Sanadzibweretse yekha m'tauni muno. Sanadzimangire khola losatsekeka, sanadzimasule tcheni. Zonsezi anachita ndi munthu, ndipo munthuyo ali ndi dzina, ali ndi nyumba, ali ndi nambala ya puloti. Kumudzi mbuzi ikalowa m'munda mwa eni n'kudya chimanga, amfumu saitanitsa mbuzi pabwalo. Amaitanitsa mwini mbuzi, n'kulipira, nkhani n'kutha. Agogo athu anaziona kalekale zimenezi. Chimanga chokha timalipitsa, tsono ntchafu ya munthu ndiye izipita ulere chifukwa mwini galu ali ndi mpanda wautali? Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Galu wanu akaluma, mwaluma ndinu, basi.

Ndipo musatiuze zoti geti anatsekula ndi mnyamata wantchito. Ndikudziwa kale mmene zimathera, mnyamatayo ndiye amachotsedwa ntchito, mwina kumudula ndi malipiro omwe, bwana n'kutsala woyera. Mnyamatayo sanasankhe mtundu wa galu. Mwina nayenso amamuopa galuyo, amamuponyera chakudya ali patali. Inu ndinu munagula, inu ndinu muyankhe.

Musatiuzenso za kachikwangwani kanu ka pageti koti "Chenjerani ndi agalu". Kachikwangwani kameneko kamanena za mkati mwa mpanda wanu. Msewu si wanu. Msewu ndi wa ana opita kusukulu, wa amayi ogulitsa masamba, wa abambo ogulitsa makala panjinga, wa owerenga mamita a madzi, wa alonda obwerera kwawo m'mamawa. Mwaona kuti onsewa ndi anthu oyenda pansi? Eni agaluwa amatuluka pageti ali m'galimoto, magalasi atatseka. Olumidwa nthawi zonse ndi amene alibe ndalama ya loya. N'chifukwa chake nkhanizi zimangothera pa K5,000.

Inde, akuba achuluka ndipo apolisi safika msanga, ndikudziwa. Koma amayi aja sanali mbava.

Ine maganizo anga ndi akuti agalu a mtundu wa pit bull ndi ena ofanana nawo aletsedwe m'dziko muno. Asalowenso pamalire, asaswanitsidwe, asagulitsidwe. Amene alipo kale afulidwe, alembetsedwe kukhonsolo, ndipo akamatuluka panja akhale pa chingwe, pakamwa patatsekedwa. Pit bull anachokera ku agalu amene azungu a ku Britain ankaswanitsa kuti azimenyana ndi ng'ombe zamphongo, ndipo masewera amenewo ataletsedwa mu 1835, anayamba kuwamenyanitsa okhaokha. Anawasankha dala kuti akagwira asasiye. Zimene ndinaona dzulo ndi zomwezo, kugwira osasiya. Galu wachikuda wa kumudzi amakuuwa, mwina kukukadzula pachidendene, ukawerama ngati ukutola mwala wathawa. Uyu ukamumenya ndi njerwa ndiye amalimbitsa nsagwada. Si zofanana, tisanamizane.

Eni ake a ku Britain komweko, kumene galu amamuona ngati wachibale, anakhazikitsa lamulo la agalu oopsa mu 1991. Analetsa mitundu inayi: Pit Bull Terrier, Japanese Tosa, Dogo Argentino ndi Fila Brasileiro. Posachedwapa anthu atapitiriza kufa anawonjezerapo wina wotchedwa XL Bully. Kuyambira pa 31 December 2023 ku England ndi ku Wales sungamugulitse, sungamuswanitse, sungamupatse munthu, ndipo kuyambira pa 1 February 2024 kukhala naye popanda chiphaso chapadera ndi mlandu. Kumeneko galu wako akapha munthu ukhoza kukhala kundende mpaka zaka 14. Zaka 14! Kuno mwini galu amapita kuntchito tsiku lomwelo ngati wagunda nkhuku.

Ku South Africa, komwe ogulitsa agalu kuno kwathu amanyadira kuti ndi kumene agalu awo achokera, nakonso analira. Mu 2022 mwana wazaka 10 anaphedwa ndi ma pit bull a pakhomo pawo pomwe ku Gqeberha, ndipo bungwe la Sizwe Kupelo Foundation linayambitsa chikalata chopempha boma kuti liletse agaluwa. Anthu oposa 100,000 anasainira. Taonani bwino, anali agalu a pakhomo pawo. Mwanayo ankawadziwa, iwonso ankamudziwa. Ndiye inu mukuti wanu ndi wofatsa chifukwa amasewera ndi ana anu? Abale athu ali ku Joni afunseni, akuuzani.

Ndikudziwa ena mubwera ndi mawu aja akuti palibe galu woipa, woipa ndi mwini wake. Ena mundiuza kuti dziko la Netherlands linaletsa pit bull mu 1993 kenako linachotsa lamulolo mu 2008. Chabwino, ndamva. Ngati woipa ndi mwini wake, ndiye tigwirizane pompano kuti mwini wakeyo amangidwe. Simungakane zonse ziwiri. Simunganene kuti galu asaletsedwe chifukwa wolakwa ndi mwini, kenako galuyo akaluma n'kunenanso kuti mwini asamangidwe chifukwa inali ngozi. Ndiye wolakwa akhala ndani? Wolumidwa? Komanso maiko amene mukutchulawo ali ndi kaundula wa agalu, ali ndi anthu olembedwa ntchito yoyendera, ali ndi ambulansi yobwera ukaimba foni. Ife tili ndi anyamata a kabaza ndi njerwa.

Ndipo n'zoona, eni ambiri ndi oipa, ine ndi amene ndikunena zimenezo. Pitani kuseri kwa nyumba zambiri za mpanda mukaone. Galu amakhala m'kakhola ka malata kongokwana kutembenuka, dzuwa lonse la October likumuthera pamsana, madzi mulibe, chakudya ndi makoko a nsima kamodzi patsiku. Saona munthu, saona galu mnzake, sayenda. Ena amachita kumumana chakudya dala, ena timamva kuti amamuthirira tsabola, ati alusire akuba. Mwamulusitsa nokha, tsono akatuluka mukuganiza kuti asankha kuti uyu ndi wakuba, uyu ndi mwana wa sitandade 2? Nkhanza mwayamba ndinu pa galuyo, iye wangozipititsa kwa munthu woyamba kukumana naye. Pamenepanso mlandu ndi wanu, kawiri konse.

Kodi wina anakukakamizani kuweta galu? Ngati mulibe malo, musawete. Ngati simungamudyetse, musawete. Ngati simungamange khola lotsekeka ndi kulamula kuti geti lisatsekulidwe galu asanatsekeredwe, musawete. Kuweta galu si udindo umene boma linakupatsani, munafuna nokha.

Tsono mvetserani izi. Anthu atamufunsa bwana uja khadi la katemera wa chiwewe, anati alifufuza. Galu wogula ndi ndalama zambirimbiri, khadi la katemera osaoneka. Chiwewe si matenda osewera nawo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo pa anthu 10 alionse, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi kuja, palibe dokotala angakupulumutse. Amene anaonapo mwana akufa ndi chiwewe safuna n'kukamba komwe. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies linayamba mu 2015 kubaya agalu katemera mwaulere, ndipo chaka choyamba chomwecho linabaya agalu oposa 30,000. Anyamata ang'onoang'ono a ku Ndirande ndi ku Bangwe ankakoka tiagalu tawo ndi zingwe za sisalo kukaima pamzere. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 alionse akabayidwa, chiwewe chimaleka kufala. Kuno ku Lilongwe a bungwe losamalira zinyama la LSPCA aliponso. Mwana wa ku Ndirande wakwanitsa, bwana wa galimoto walephera pati? Si umphawi umenewo. Ndi kusasamala moyo wa anthu ena.

Nditchulepo pomwepa, popeza ambiri sitidziwa: galu akakuluma, choyamba tsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Osathira mchere, osamata ubweya wa galuyo pabala, osadikira kuti tione kaye. Ndipo ndalama zonse za ulendo umenewu, mayendedwe, mankhwala, katemera, masiku onse amene munthu wagona osagwira ntchito, alipire mwini galu. Osati mwa chifundo chake ayi. Mwa lamulo.

A khonsolo, inunso muli kuti? Mayi wogulitsa mandasi pamalo osaloledwa mumamupeza tsiku lomwelo, mumamulanda ndi beseni lomwe. Chiphaso cha msika simuphonya ngakhale tsiku limodzi. Koma kudziwa kuti ndi nyumba ziti zikusunga agalu oopsa mumzinda uno ndiye kwakukanikani? Chiwewe chikabuka a zaziweto amalamula kuti agalu onse amangidwe, oyendayenda n'kuomberedwa. Amafa ndi agalu achikuda a anthu osauka, ma pit bull ali phee kuseri kwa mipanda. Aphungu athu nawonso, kodi mukudikira kuti alumidwe mwana wa ndani kuti nkhaniyi ifike ku Nyumba ya Malamulo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sindikudana ndi agalu. Galu wosamalidwa, wobayidwa katemera, wokhala mkati mwa mpanda wa mwini wake, alibe nane mlandu. Ndikudana ndi munthu amene amaweta chinyama chotha kupha, n'kusiya geti pululu, kenako n'kumanena kuti inali ngozi. Ngozi ndi mphenzi. Geti losatseka si ngozi. Khola lothyoka limene mwakhala mukuliona miyezi yonseyi si ngozi. Galu woti analumapo kale munthu inu n'kumusungabe si ngozi. Apolisi alembe mlandu, khoti ligamule chipepeso chenicheni, galu wotero achotsedwe, ndipo mwini wakeyo asaloledwenso kuweta wina. Akalowa m'ndende mmodzi yekha wa mabwanawa, muona mageti onse a mumzinda uno akutsekedwa bwinobwino.

Ndipo pali enanso awa ogulitsa tiana ta agalu. Tsekulani Facebook kapena magulu a WhatsApp muone: pit bull weniweni, makolo ake ochokera ku Joni, wolusa kwambiri, mtengo tikambirana. Kulusako ndiye akutsatsa! Munthu akuswanitsa agalu oopsa kuseri kwa nyumba ya lendi, pakati pa ana a anzake, n'kugulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama, ngakhale mnyamata wa fomu 3 wongofuna kuopseza anzake. Safunsa ngati uli ndi mpanda. Safunsa ngati unawetapo galu. Enanso aima m'mphepete mwa misewu atanyamula tiana tosatha n'kuyenda komwe, kutiimika padzuwa tsiku lonse popanda ndi madzi omwe, magalimoto a boma akudutsa pomwepo. Ndani anawapatsa chilolezo anthu amenewa?