Chenjezo kwa inu amene mukumathawa anamwino akafika m'mudzi

Abale anga a ku Zomba, kuyambira ku Chingale, Mayaka, Jali, Thondwe, Domasi mpakana kunyanja ku Kachulu uko, lero ndikufuna ndikutsineni khutu, ndipo amene akwiye akwiye, ine ndakula kale sindiopanso kudedwa. Khalidwe limene tayamba lopeputsa anamwino a m'madera ndi alangizi a zaumoyo, awa timawatchula kuti adokotala a kumudziwa, likutiphetsa. Ndipo amene akutsogola kumanda si ife a imvi ayi, ndi tiana tosalakwa ndi azimayi oyembekezera.

Tsiku la sikelo amfumu alengeza, kutchalitchi alengeza, kumzikiti alengeza, olo agonthi amva. Namwino wadzuka kusanache, wamangirira bokosi la katemera kumbuyo kwa njinga, mkatimo muli ayezi chifukwa katemera amafuna kuzizira kwa pakati pa 2 ndi 8 digiri, akangotentha basi watha ntchito. Waoloka madambo, wafika, mlangizi wamanga kale sikelo pa nthambi ya mango, kathumba koikamo mwana kakungolendewera apo. Nde muone anthu ake. Azimayi owerengeka, enanso abwera opanda chiphaso cha mwana, ati makoswe anadya, wina ati chinanyowa ndi mvula chaka chatha. Chimene ambiri simudziwa ndi ichi, kabotolo kamodzi ka katemera wa chikuku kamakwana ana 10, ndipo akangosungunula sikadutsa maola 6, kotsalako nkutaya. Nde namwino uja amaima pamenepo mutu utaima, nditsegule chifukwa cha ana atatu awa wina yense atayike, kapena ndiwabweze anawa adzabwere mwezi wamawa? Amatsegula ndithu, poti mwana wabwera sabwezedwa. Wotsala uja, amene akanateteza mwana wanu, akukathera kudzala inu muli pa mjigo kukamba za eni.

Amene mwapita ku ganyu chifukwa m'nyumba mulibe ufa ndikukumvetsani, njala ilibe tsiku la sikelo. Koma olo inuyo, agogo ake a mwanayo alipo, azakhali ake alipo, bambo ake ali pa bawo kuyambira m'mawa, palibe angabereke mwana kukamukweza sikelo? Bambo wa mwana kunyamula mwana wake kupita naye kwa namwino sikuchotsa ubambo wa munthu. Ine amene ndikulimbana nawo kwambiri ndi inu ophunzira pang'ono a mafoni m'manja, amene mukamva voice note pa WhatsApp ya munthu wosamudziwa olo nkhope, akuti katemera ndi wotseka chiberekero, akuti ndi 666, basi mwatumiza kale m'magulupu asanu, mwabisa mwana kuseri kwa nkhokwe. Wolankhula mu foniyo paphewa pake pali chipsera cha BCG, mayi ake anamubayitsa ali khanda, nchifukwa chake wakula mpakana kumatha kugula bandulo nkumakunamizani.

Ife tinaona chikuku chenicheni. Tinaona mwana maso atafiira, m'kamwa zilonda, thupi lonse totupa, ena anachira koma osaonanso mpaka lero. Tinaona opuwala ndi poliyo akukwawa m'misika. Zinachepa chifukwa cha jakisoni ndi timadontho tomwe mukutithawato. Ndipo musamati zinapitiratu. Mu February 2022 ku Lilongwe kunapezeka mwana wopuwala ndi poliyo, koyamba m'dziko muno chichokere 1992, ndipo akatswiri atayeza anapeza kuti kachilomboko nkofanana ndi ka ku Pakistan. Taganizani, kuchoka ku Pakistan mpakana ku Lilongwe, nde kalephera bwanji kukwera minibasi kufika pa Zomba depoti? Nchifukwa chake munaona alangizi akuyenda khomo ndi khomo kudonthetsera ana, nkumalemba ndi choko pazitseko. Ena mwa inu munatseka zitseko zomwezo, munawamasulira agalu. Manyazi bwanji.

Pali ena mumakonda kunena kuti zimenezi ndi za mabungwe, azungu akungofuna manambala oti akalembe m'malipoti. Chabwino, tiyeni tikambe za manambalawo. Mu September 2015 mayiko a mu United Nations, Malawi ali momwemo, anagwirizana ku New York zolinga 17 za chitukuko zoti zikwaniritsidwe pofika 2030, zija mumamva pa wailesi akuti ma SDG. Cholinga chachitatu ndi cha umoyo, ndipo anachita kuika malire, kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, azimayi omwalira chifukwa cha uchembere asafike 70, ndipo pa ana 1,000 aliwonse, omwalira asanakwane zaka zisanu asapitirire 25. Nanga ife tinali pati? Ofesi ya boma yowerengera anthu, NSO, likulu lake lili mu Zomba mom'muno, sitikuchita kukafunsa ku London ayi. Kafukufuku wawo wa 2015 mpaka 2016 anapeza azimayi 439 pa 100,000, ndi ana 63 pa 1,000. Kuchoka pa 439 kufika pa 70 ndi mtunda, ndipo 2030 ndi mawa lomweli.

Koma musaganize kuti sizingatheke, chifukwa kafukufuku wa 1992 ankati ana 234 pa 1,000, pafupifupi mwana mmodzi pa anayi aliwonse sankafika zaka zisanu. Funsani amayi anu kuti anabereka angati ndipo anatsala angati, akuuzani akugwetsa misozi. Kuchoka pa 234 kufika pa 63 sikunachitikire ku New York, kunachitikira pansi pa mango pompaja, ndi anthu a njinga omwe aja, ndi ma village clinic amene anayamba cha mu 2008 kuti mlangizi azitha kuyeza malungo, kupereka LA, Thanzi ndi zinki, ndi mankhwala a chibayo mwana asanafooke. Manambala amene mukuwanyozawo ndi maliro amene sitinalire. Nde m'badwo wa makolo anu, ambiri osadziwa olo kulemba dzina, unamvera nkutsitsa imfa chonchi, inu a MSCE ndi amene mukufuna kutibweza mmbuyo?

Tsopano ndilankhule ndi inu apongozi ndi agogo anzanga, poti pa nkhani ya mimba ndi ife timalamula m'nyumbamu. Mtsikana waima, inu mukumuuza kuti usauze munthu, afiti angakumange mimba, dikira iwoneke kaye. Nde akukayamba sikelo miyezi isanu ndi umodzi itadutsa, pamene a chipatala amafuna ayambe miyezi itatu yoyambirira isanathe ndipo aonane nawo kasanu ndi katatu asanachire. Mukuganiza kuti amangofuna kumuona nkhope? Kumeneko ndi kumene amamuyeza BP, amaona ngati magazi ali okwanira, amamupatsa Fansidar woteteza malungo, mapilitsi owonjezera magazi, masikito, komanso amamuyeza HIV. Kuyambira 2011 Malawi ndi amene anatsogolera mayiko ena ndi ndondomeko yoti mayi woyembekezera akapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV pompo, ndipo ana ambirimbiri abadwa opanda kachilombo chifukwa cha zimenezo. Koma mankhwalawo amugwira bwanji munthu amene mwamubisa m'nyumba? BP ya mimba sikuwa, imangobwera miyendo yatupa, mutu ukuwawa, maso akuchita chidima, kenako wayamba kukomoka, nde inu mwathamangira kwa asing'anga kuti amulodza.

Ndiye pali mwanamphepo uja. Azimayi anzanga, lekani. Mumamwetsa mwana wa eni zitsamba zoti matenda ayambe msanga, mulingo wake simukuudziwa, chiberekero chikukoka mwamphamvu njira isanatseguke, mapeto ake chang'ambika, magazi akutayikira mkati. Ndipamene mumayamba kufuna kabaza usiku wa 1 koloko, mvula ikugwa, Likangala wadzaza, foni ilibe moto. Mukafika ku Zomba Central munthu atatheratu, mawa pamaliro nkhani ili m'kamwa mwanu ndi yoti anamwino ndi ankhanza anamuchedwetsa. Za kapu ija munamumwetsa kuseri kwa bafa simuitchula. Namwino anakuuzani mwezi watha kuti mimba yoyamba iyi, kwanu nkutali, apite akadikire kuchidikiro, inu munati nanga aziphika ndani. Pano aziphika ndani?

Sindikunena kuti anamwino onse ndi angelo. Alipo a pakamwa poipa, ndinamvapo ndi makutu angawa wina pa chipatala china akukalipira mayi wobereka ngati akuthamangitsa mbuzi m'munda, ndipo zimenezo nzoipa. Koma njira ilipo, komiti ya chipatala ilipo, amfumu alipo, m'zipatala muli ofesi yolandira madandaulo, bungwe la Nurses and Midwives Council liliponso loti likhoza kumulanda munthu chiphaso. Kadandauleni kumeneko. Osati chifukwa wina anakuyankhani mwamwano chaka chatha nde mwana asabayidwe, mwanayo analakwa chani? Komanso muzikumbuka kuti munthu mmodzi yemweyo ndi amene wagona ku leba usiku onse, m'mawa ali pa mzere wa odwala, masana ali pa njinga kubwera kwanu. Boma limafuna mlangizi mmodzi pa anthu 1,000, koma madera ambiri mmodzi akusenza midzi yochuluka kuposa apo. Olo madzi akumwa simumupatsa akafika.

Za LA nazonso. Mankhwala aja ndi a masiku atatu, kumwa kasanu ndi kamodzi, anachita kujambula pa paketi kuti olo wosadziwa kuwerenga aone. Inu mwana wamwa kawiri, thupi lazizira, wayamba kusewera, basi otsalawo mwasomeka kudenga kusungira mkulu wake akadzadwala. Sabata yamawa malungo abwerera ndi ukali, mwana akukomoka, magazi atha, mukuti LA wa masiku ano ndi wofooka. Masikito nawo akupatsani aulere, wina watchinga nawo dimba la tomato, wina wafundika anapiye, kunyanja ya Chilwa uko akukokera matemba ndi tiana ta nsomba tomwe, mawa muzidzadandaula kuti nsomba zatha. Ana akugona pamtetete udzudzu ukuimba.

Kolera mwaiwala kale? Inayamba mu March 2022 ku Machinga, oyandikana nafe awa, pambuyo pa namondwe Ana, nkufalikira dziko lonse, anthu opitirira 58,000 anadwala ndipo opitirira 1,700 anamwalira, sinachitikepo yoopsa chonchi m'mbiri ya Malawi. Nthawi imeneyo aliyense anali ndi mpondagiya pakhomo, aliyense amathamangira klorini kwa mlangizi. Lero pitani mukaone, kagaloni kaja kanauma kalekale, ana anachotsa chingwe nkupangira mpira. Chimbudzi chinagwa ndi namondwe Freddy mu 2023 mpaka pano bambo sanakumbe china, banja lonse likupita kutchire, mvula ikagwa zonsezo zikutsikira mu mtsinje momwe akumunsi akutunga. Asodzi a m'zimbowera pa Chilwa, inu madzi omwewo chimbudzi, omwewo akumwa, nyanjayo ilibe kotulukira, nde alangizi akabwera ndi katemera wa kolera pa doko musamati tili bize ndi makoka. Pamaliro napo tisiye zosamba m'manja m'beseni limodzi anthu makumi atatu, womaliza akusamba matope, thiranani madzi ndi jagi.

Chinanso chimene chimandiwawa, katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero anayamba kuyesedwa kuno ku Zomba ndi ku Rumphi mu 2013, dziko lonse lisanayambe mu 2019. Ife tinali oyamba. Khansa imeneyi ikutha azimayi m'Malawi muno kuposa mayiko ambiri pa dziko lapansi, amene munadwazikapo mayi wa matendawa mukudziwa fungo lake ndi ululu wake, sindichita kufotokoza. Koma tsiku loti anamwino abwera pasukulu kudzabaya atsikana a zaka 9, makolo ena mukumuuza mwana kuti lero usapite, kapena ukawaona uthawire pawindo. Atsikana amene anabayidwa 2013 aja pano ndi akuluakulu, ena ali ndi ana kumbuyo, nde kusabereka mumanena kuja kuli pati?

Ndipo dziwani kuti zaulerezi zili ndi eni ake. Mankhwala ambiri a HIV, a malungo, masikito ndi katemera amagulidwa ndi ndalama za mayiko ena kudzera ku Global Fund, Gavi ndi ena otero. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja ndipo USAID inatsekedwa chaka chomwecho, mapulojekiti ena a zaumoyo anaima, anthu anachotsedwa ntchito. Nde ngati lero bokosi la katemera lafika pamudzi panu, musaganize kuti lizingobwera mpaka kalekale kumakudikirani mumalize kucheza.

Mafumu, magulupu, inu mumatha kulipiritsa mbuzi munthu akaba chimanga, nkhani ya khomo lopanda chimbudzi ndi mwana wosabayidwa muziitenganso ngati mlandu. Abusa ndi mashehe, mphindi ziwiri zokha pa zolengeza sizingakuchotsereni mdalitso. Inu azibambo, usiku uno musanagone itanitsani chiphaso cha mwana, mutsegule pa tsamba la katemera muone ngati wa chikuku wa miyezi 9 ndi wa miyezi 15 anasainidwa. Ngati pali pogumuka, m'mawa mulawire kwa mlangizi wa m'dera lanu, nyumba yake mukuidziwa, akuuzani tsiku limene namwino abwerenso.