Mwana wosasa mawu aziunikidwa kukhosi

Nkhani ina imene ndawerenga yafotokoza bwino za khansa ya kholingo mwa akuluakulu osuta fodya, koma ana yangowatchula modutsa, ndipo zimenezi zandikhudza. Pali matenda ena amene tinjerewere timamera pa timinofu totulutsa mawu chifukwa cha kachilombo koyambitsa njerewere kotchedwa HPV, ka mtundu wa 6 ndi 11, kamene mwana amatha kutengera kwa mayi ake pobadwa. Mwana wotere amalira mosasa, popuma pamamveka kaphokoso, ndipo nthawi zina amangomwetsedwa mankhwala a mphumu pomwe tinjerewereto tikutseka njira ya mpweya. Madokotala akatichotsa pa opaleshoni, kawirikawiri timameranso. Ku Australia, kumene anayamba kupereka katemera wa HPV mu 2007, ofufuza anapeza kuti ana odwala matendawa achepa kwambiri.