Dothi lakuda la ku London si umboni wa bwinja

Nkhani yanuyi ikuti Londinium, mzinda wa London wa nthawi ya Aroma, inasanduka bwinja Aroma atangochoka cha m'ma 410, umboni wake n'kukhala dothi lakuda lopanda makoma. Pamenepo mwafulumira, alembi.

Dothi limeneli, lomwe pena limafika mita imodzi kuchindikala, silinangogwa pamwamba pa mzinda. Nyongolotsi ndi mizu zinasakaniza pansi pa nyumba zamitengo ndi dongo mpaka zigawo zake kufufutika, monga katswiri wofukula zakale Brian Yule anafotokozera mu 1990. Kale ofukula ankalichotsa ndi makina pothamangira miyala ya Aroma. Maenje a nsanamira ankapita nalo limodzi.

Njira yabwino n'kupala ndi manja masentimita 5 kapena 10 nthawi imodzi, kulemba malo enieni a phale lililonse, n'kusefa dothilo. Chibuma china amachiumitsa ndi utomoni, n'kuchidula mopyapyala ngati mamaikuloni 30 (mamaikuloni 1,000 amapanga milimita imodzi) kuti pa maikulosikopu aone phulusa, ndowe ndi tizidutswa ta khoma.

Pa zaka ndiye pomwe pamavuta. Makobidi atsopano, omwe amathandiza kudziwa zaka za chigawo, analeka kufika ku Britain ambiri cha m'ma 402, ndipo mapale akale amakwera m'zigawo zapamwamba anthu akamakumba maenje, choncho chigawo chimaoneka chakale kuposa zaka zake.

Komanso mwaiwala Lundenwic, tawuni yamalonda imene anthu a mtundu wa Anglo-Saxon anamanga Aroma atachoka kale. Ofukula ankaifuna mkati mwa linga la Londinium osaipeza, mpaka akatswiri Martin Biddle ndi Alan Vince, aliyense payekha, analoza ku dera la msewu wa Strand mu 1984. Pofukula ku Jubilee Hall, Covent Garden, mu 1985 inapezekadi, kumadzulo kunja kwa linga.