Akuti nyimbo ya Elvis ndi yachikunja

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka, titamaliza mwambo wa chiliza cha malemu bambo anga, ndinatulutsa kambale kawo kakang'ono kaja, ka chibowo chachikulu pakati, ndikaike pa galamafoni. Nyimbo yake Crying in the Chapel, ya Elvis Presley, woimba wa ku America uja. Bambo ankaiika Lamulungu lililonse akupukuta nsapato zopita nazo kutchalitchi. Singano itangogunda mbale, mkulu wina wampingo, nsima ili kukamwa, akuti: "Mwana wanga, zimitsa zachikunjazo."

Zachikunja? Abambo, mwamva mawu ake? Ayi. Angoona nkhope pachikuto, tsitsi lopaka mafuta lija, basi mlandu watha.

Nyimboyi ikukamba za munthu amene wapeza mtendere m'nyumba ya Mulungu mpaka misozi yachimwemwe kutsika. Chachikunja chili pati pamenepo? Inayamba ngati nyimbo ya country mu 1953, anailemba Artie Glenn, mwana wake Darrell nkuiimba. Elvis anaijambula ku Nashville mu 1960, kampani ya nyimbo ya RCA nkuisunga mpaka 1965, ndipo itatuluka inakhala nambala wani ku Britain. Elvisyu anakulira mu mpingo wa Assembly of God ku Tupelo, Mississippi. Ma Grammy atatu (mphoto zazikulu za oimba ku America) amene anapambana pa mpikisano, onse anali a nyimbo zauzimu. Onse! Palibe ngakhale imodzi ya gwedemula uja mukumudera.

Inde ankagwedeza chiuno, akutero ndani kuti sankagwedeza? Mwina anthu anangokula akuuzidwa kuti gitala ndi wa Satana, kaya. Koma mverani nyimbo, musamvere chiuno. Weruzani mawu, osati tsitsi. Wamisala anaona nkhondo.

Chandiwawa nchakuti ndinazimitsadi. Ulemu. Ndinachotsa singano, ndikuona mayi atawerama akupotokola nsonga ya chitenje, osanena kanthu. Nyimbo ya amuna awo, pa tsiku la amuna awo, yaletsedwa ndi mlendo amene sanaimve ngakhale mzere umodzi.

Ndiye abambo ampingo omwewo, madzulo ake, anyamata akwaya atalumikiza kiyibodi pa sipika, kaimbidwe kake kenikeni ka kumalo omwera mowa, anali kutsogolo thukuta kamukamu, jekete atakoleka pampando. Zija ndiye zoyera? Sipika kuphokosera mpaka 10 koloko usiku, ana osagona, ndipo mafuta a jenereta ndinagula ndine.