Ndakana kusainira ngongole ya digiri ya zachitetezo

Lamlungu lapitali mwana wa achemwali anga anabwera kunyumba kuno ku South Bend, ku America, atanyamula laputopu, akumwetulira kuyambira pakhomo. Wapeza malo ku koleji ina yomwe si yaboma, akufuna kuchita digiri ya security science. Nsima isanafike n'komwe patebulo anali atanditsegulira kale fomu. "Amalume, pangofunika musaine apa. Ngongole ya boma yokha siikukwana."

Sindinasaine. Achemwali mpaka lero akungowerenga mauthenga anga pa WhatsApp osayankha, ndiye ndati ndilembe pano, mwina ena mundiuze ngati ndalakwa.

Maphunzirowo sindikuwanyoza ayi. Agogo ake ku Ntcheu atamva anafunsa kuti, "Kodi ulonda nawonso wayamba kufuna digiri?" Tinaseka, koma zimene amaphunzira n'zenizeni: kuteteza makompyuta kwa akuba a pa intaneti, kufufuza umboni, chitetezo cha mabwalo a ndege ndi madoko. Chikhazikitsireni Department of Homeland Security, unduna wa zachitetezo cha m'dziko, mu 2002, pambuyo pa chiwembu cha pa 11 September 2001, makoleji ambiri kuno anatsegula maphunziro otere. Ena ndi abwino. Ena anangonunkhiza ndalama.

Tinakhala pansi ndi cholembera. Wophunzira amene akadali m'manja mwa makolo, boma limamubwereka madola 5,500 chaka choyamba, 6,500 chachiwiri, kenako 7,500 ndi 7,500. Zonse pamodzi 27,000. Tinatenga chiwongoladzanja cha 6.53 peresenti cha chaka cha 2024/25, n'kunena kuti abweze pa zaka 10. Zinatuluka madola pafupifupi 307 mwezi uliwonse, ndipo pomaliza amakhala atabweza ndalama zoposa 36,000. Imeneyo ndi ya boma yokha. Yomwe amati ndisainire ine ndi ya kubanki, yodzazira pamwamba, ndipo iye akalephera kulipira abanki sapita ku Ntcheu. Abwera kwa ine, munthu wogwira mashifiti ausiku kunyumba yosamalira okalamba, ndipo credit score yanga, mbiri ya kabwezedwe kanga ka ngongole yomwe ndaimanga zaka zonsezi, igwa tsiku limodzi. Ngongole ya sukulu kuno ndi yokakamira ngati nkhupakupa, ngakhale munthu akalengeze kukhoti kuti chuma chamuthera ndipo sangathe kubweza ngongole zake, kawirikawiri siichoka.

Koma chomwe chinandiimitsa dzanja si masamuwo. Ndinamufunsa kuti akamaliza akufuna kukagwira kuti. Anati FBI, bungwe la boma lofufuza milandu, kapena makampani omwe amagwirira ntchito boma. Apa ndiye panali nkhani. Mnyamatayu ali ndi green card, chilolezo chokhazikika kuno, koma si nzika. Ndi green card ngongole ya boma amakupatsa bwinobwino, koma security clearance, chilolezo chogwira ntchito zokhudza zinsinsi za boma, ndi cha nzika. FBI imafuna nzika. Ngakhale aja a TSA otisecha zikwama pabwalo la ndege amafunika akhale nzika, pomwe digiri sawafunsa n'komwe. Ndiye taonani: khomo la ngongole ndi lotsegula, khomo la ntchito yomwe akuilotayo ndi lokhoma. Kabuku kokongola ka kolejiko kali ndi chithunzi cha mtsikana atavala jekete yakuda pamaso pa makompyuta asanu, koma za unzika mulibemo mawu ndi amodzi omwe.

Malipiro omwe makoleji amaika m'timabuku totere ine ndimawatenga ngati mitengo ya mavenda a mu Limbe, poyambira kunenerera. Amasakaniza munthu wazaka 15 pantchito ndi wongotuluka kumene. Ndinamuuza atsegule College Scorecard, tsamba la boma la unduna wa zamaphunziro, pomwe amaonetsa ngongole yomwe omaliza maphunziro akutiakuti pa koleji yakutiyakuti amatuluka nayo, komanso ndalama zomwe amalandira akayamba ntchito. Muyezo wanga ndi wachikale: ngongole yonse isapose malipiro a chaka choyamba. Titaphatikiza ya boma ndi ya kubanki, yake inkaposa. Anatseka laputopu mwakachetechete.

Chomwe ndamuuza n'chakuti ayambe ku Ivy Tech, koleji ya zaka ziwiri yomwe ili konkuno, yotchipa kwambiri poyerekeza ndi inayo. Alembe mayeso a CompTIA Security+, a satifiketi ya chitetezo cha makompyuta, apeze kantchito kothandiza anthu pa za makompyuta ku chipatala kapena kubanki, komwe safunsa clearance. Kwatsala zaka ziwiri kuti akwanitse zisanu za green card zomulola kupempha unzika. Ikadzafika nthawi imeneyo adzasamukire ku yunivesite ya boma n'kumaliza digiri yomweyo, ngongole ili yochepa, mwinanso abwana ake akumulipirirako.

Ndikudziwa zomwe achemwali akunena kumudzi, zoti malume wamtundu wanji wokana mwana wa mlongo wake. Kwathu malume ndiye mwini mbumba, zoona, ndipo fizi ya ku sekondale ya mnyamata yemweyu ndinkalipira ndine. Dzulo wanditumizira uthenga, osati wa moni ayi, wongofunsa kuti mayeso a Security+ amalipira zingati. Ndamuyankha kuti amenewo ndilipira.