Mukapita ku Joni kwa masiku angapo, musathere onse m'mashopu

Abale anga, nkhani iyi yakhala ikundivuta mumtima, lero ndiitulutse. Ife Amalawi ku Joni timapitako kwambiri, koma mzindawo sitiudziwa. Munthu amakwera basi ku Blantyre kapena ku Lilongwe, n'kudutsa pa Mwanza, ku Tete, pa Nyamapanda, ku Harare, n'kukachedwa pamzere pa Beitbridge miyendo itatupa, pafupifupi masiku awiri ali panjira. Akatsika pa Park Station m'bale wake amamutenga, ndipo sabata yonse imathera m'mashopu a Matchaina kuoda mabulangete ndi nsapato. Tsiku limodzi amapita ku Sandton kukajambulitsa pa chipilala cha Mandela, kenako katundu m'basi, ulendo wa kumudzi. Mukamufunsa kuti mwakaonako zotani, amangoti nyumba zitalizitali ndi misewu yosanjikizana.

Wa geni sindikumunena. Iye wapita kukagwira ntchito, tsiku lililonse limene wakhala kumeneko likumudyera mpamba. Ndikunena ife amene timapita kukacheza kwa mwana, ku ukwati, kumsonkhano wa kuntchito kapena kutchuthi, tili ndi masiku anayi kapena asanu opanda chotipanikiza. Masiku amenewo ndi okwanira kuti munthu aumve mzinda, ngati wasankha bwino kopita.

Maganizo anga ndi akuti malo oyamba amene Mmalawi ayenera kupitako ku Johannesburg si Sandton, ngakhale Soweto. Ndi kanyumba kena ka ku Newtown kotchedwa Workers' Museum. Kanamangidwa mu 1913 ngati komponi yogonamo amuna akuda ogwira ntchito za khonsolo ya mzindawo, ndipo anthu anagonamo mpaka m'ma 1980. Mukalowa mumaona mabedi a simenti ondandalikana, munthu kugona mogundana ndi mnzake, popanda poika katundu, popanda poti n'kubisala. Pali kachipinda kotsekeramo wolakwa. Pambali pomwepo pali nyumba zabwinobwino zimene ankakhalamo azungu ogwira ntchito limodzi nawo, iwo ndi mabanja awo. Wakuda sankaloledwa kubwera ndi mkazi kapena mwana. Komponi imeneyi siinali ya mgodi, koma kagonedwe kake ndi komweko kamene agogo athu anakapeza m'makomponi a kumigodi, ndipo ambiri mwa makomponi aja anagumulidwa kapena simungalowemo ngati mlendo.

Mzinda wonsewu unayamba ndi golide amene anapezeka pa famu ya Langlaagte mu 1886. Palibe nyanja, palibe mtsinje waukulu umene unakokera anthu pamalopo. Ndi golide basi, ndipo golideyo anali pansi kwambiri, wofuna manja ambiri otchipa. N'chifukwa chake Wenela, bungwe lolembera migodiyo antchito, inkafika mpaka kwathu kudzalemba anthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ku Botswana, paulendo wobwera kuno, n'kupha anthu oposa 70, pafupifupi onse Amalawi obwerera kumudzi atamaliza kontrakiti. Kamuzu analetsa kulemba anthu ngoziyo itachitika. Iye mwini ali mnyamata anagwirapo ntchito pamgodi wina ku Boksburg, kum'mawa kwa Johannesburg. Ndi mudzi uti kwathu kuno umene ulibe nkhani ya agogo amene anabwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosatha, kapena ya amalume amene anatchona osabweranso? Mukamadutsa mumzindamo n'kuona zitunda zachikasu zosalala pamwamba, dziwani kuti si mapiri achilengedwe. Ndi dothi lochokera m'migodi, ndipo ena mwa amene analikumba ndi anthu athu. Ine mtima umandipweteka kuti timafika pamalo oterewa n'kubwerako osawayang'ana n'komwe.

Ku Newtown komweko kuli Market Theatre, nyumba ya zisudzo imene inatsegulidwa mu 1976 mumsika wakale wa zipatso, m'mene akuda ndi azungu ankasewera ndi kuonera limodzi pa nthawi imene boma silinkafuna zimenezo. Mukachoka apo mutha kuwoloka mlatho wa Nelson Mandela kupita ku Braamfontein, njanji zambirimbiri zili pansi panu. Tsiku loyamba likhoza kuthera pomwepo.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena okonda maulendo. Iwo amati munthu wawononga ndalama zambiri kuti afike, ndiye aone zonse, malo asanu ndi limodzi patsiku, chithunzi apa, chithunzi apo. Ine ndimakana. Malo a ku Joni ndi olemera mumtima, ndipo ukawaunjika tsiku limodzi madzulo sukumbukiranso kuti unaona chiyani kuti. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Malo aakulu amodzi patsiku, chakudya chamasana chodyera pansi mutakhala, kenako kuyenda pang'ono mosathamanga. Basi yofiira yozungulitsa alendo mumzinda, yosanja, yopanda denga pamwamba, ndi yabwino kuti mudziwe kuti chakuti chili mbali iti, koma kuona mzinda uli pampando wa basi si kuuona.

Tengani Constitution Hill mwachitsanzo, pamtunda wa pakati pa Braamfontein ndi Hillbrow. Inali ndende kuyambira m'ma 1890, nthawi ya Paul Kruger, mtsogoleri wa azungu a Chiafrikaans, mpaka 1983. Gandhi anatsekeredwamo, Mandela anatsekeredwamo, ndipo kumbali ya amayi kunatsekeredwa Winnie Madikizela-Mandela ndi Albertina Sisulu. Koma chimene chimandigwira ine si mayina otchukawo ayi. Ndi gawo lotchedwa Number Four, la amuna akuda, m'mene ambiri analowa pa mlandu wongosowa chiphaso m'thumba. Woperekeza alendo amakuonetsani bwalo limene akaidi ankawavula n'kuwauza kuti adumphe ali maliseche kuti aone ngati abisa kanthu, zimbudzi zili moyang'anizana ndi podyera, ndi timaselo ta m'mbali totsekeramo munthu yekha. Ndiye pabwalo lomwelo anamangapo Khoti la Malamulo Aakulu a dzikolo, limene linayamba kugwira ntchito pamalopo mu 2004, ndipo zina mwa njerwa zake anazitenga ku chipinda chimene anagumula, chosungiramo oyembekezera kuzengedwa mlandu. Munthu wamba amaloledwa kulowa n'kuona pamene oweruza amakhala. Malo ngati amenewa mungawathamangire bwanji mu theka la ola? Ife tili ndi Mikuyu, kumene andale ndi ophunzira ambiri anazunzika nthawi ya chipani chimodzi, ndipo ndimalakalaka akuluakulu athu osamala za mbiri atakaima pa Constitution Hill n'kuona mmene ena amasungira malo a misozi kuti ana asukulu azipitako.

Apartheid Museum nayo imafuna theka la tsiku, osachepera. Inatsegulidwa mu 2001, pafupi ndi Gold Reef City. Pogula tikiti amakupatsani yolembedwa kuti ndinu mzungu kapena si mzungu, mosayang'ana khungu lanu, ndipo mumalowera khomo la tikiti yanuyo. Banja limodzi limalekanitsidwa pakhomo pomwepo. M'kati muli chipinda cholendewera zingwe zopachikira anthu, muli galimoto yankhondo ya apolisi imene inkalowa m'malokeshoni, ndipo zowerenga ndi makanema n'zambiri. Musanapite funsani kaye masiku amene amatsegula. Ndikupemphaninso kuti tsiku limenelo musaliphatikize ndi la ku Soweto, ngakhale oyendetsa alendo ambiri amachita choncho chifukwa malowa ali njira imodzi. Mutu umatopa.

Ku Soweto anthu ambiri amangofika pa Vilakazi Street ku Orlando West, pa nyumba nambala 8115 imene Mandela ankakhala, n'kuuzidwa kuti mumsewu womwewo mulinso nyumba ya Desmond Tutu. N'zoona, ndipo kanyumbako ndi koyenera kukaona, n'kakang'ono kuposa mmene mungaganizire. Koma msewuwo unasanduka msika wa alendo, ovina ndi ogulitsa malaya ali ponseponse. Yendani pang'ono mufike pa Hector Pieterson Museum, pafupi ndi pamene Hector, mwana wa zaka 12, anaomberedwa pa 16 June 1976, tsiku limene ana asukulu anaguba kukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Kenako pemphani amene wakuperekezaniyo akutengereni ku tchalitchi cha Katolika cha Regina Mundi ku Rockville, kumene ana ankathawira ndipo apolisi anawatsatira konko. Zipsera za zipolopolo zikadalipo. Ndi tchalitchi chogwira ntchito, anthu amapempheramo Lamulungu lililonse, choncho lowani mwaulemu. Masana idyani komweko. Pap wawo ndi nsima yomweyi, ndi nyama yootcha ndi chakalaka, kapena gulani kota, chigawo cha buledi chobooledwa m'kati n'kuthiramo tchipisi ndi soseji. Ndalama yanu ikatsala m'manja mwa mayi wa mulokeshoni yagwira ntchito kuposa kukaisiya ku Sandton.

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima, kuti ku Joni n'koopsa. Sindikutsutsa. Umbava ulipo, ndipo m'katikati mwa tauni muli misewu imene mlendo sayenera kuyendamo yekha, makamaka dzuwa likalowa. Sitingaiwalenso kuti mu May 2008 chipwirikiti chothamangitsa obwera chinayambira ku Alexandra, tsidya lina la msewu waukulu kuchokera ku Sandton, n'kupha anthu oposa 60, ndipo mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu. Mantha a Mmalawi kumeneko ali ndi pochokera. Koma mantha omwewo satiletsa kuyenda ndi ndalama zankhaninkhani m'thumba kupita kooda katundu, komwe akuba amadziwa bwino kuti alendo anyamula ndalama. Malo amene ndatchulawa ali ndi alonda ndipo magulu a ana asukulu amapitako tsiku ndi tsiku. Nyamukani m'mawa, bwererani kusanade, foni isamakhale pamanja mumsewu, pasipoti yanu ikhale ndi masiku okwanira, ndipo yendani ndi munthu wodziwa malo. Sitima ya Gautrain, imene inayamba kuyenda mu 2010, imalumikiza bwalo la ndege la OR Tambo, Sandton, Rosebank, Park Station mpaka ku Pretoria. Ndi yodula koma yodalirika. Mabasi a Rea Vaya amafika ku Soweto. Maminibasi awo amawaimitsa ndi zizindikiro za zala, chala choloza m'mwamba ndiye kuti mukupita m'tauni, choncho amenewo kwerani ndi mwini mudzi.

Musaiwale za nyengo. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mu June ndi July kumazizira kuposa ku Dedza, madzi amatha kuuma panja usiku. Mu October ndi November mitengo ya jakaranda imachita maluwa m'misewu ya ku Rosebank, Parkview ndi Melville, ndipo masana kumakonda kugwa mvula yamabingu yosakhalitsa. Ngati muli ndi mwayi wosankha mwezi, sankhani umenewo. Amene ali ndi ana ndi galimoto angathenso kutuluka mumzinda ulendo wa pafupifupi ola limodzi kupita ku Maropeng ndi kumapanga a Sterkfontein, kumene mu 1947 anapeza chigaza cha zaka zoposa 2 miliyoni.

Tsiku limodzi lisiyeni lopanda pulogalamu. Khalani kumene abale anu akukhala, kaya ndi ku Diepsloot, ku Tembisa, ku Cosmo City kapena ku Rosettenville. Dzukani nawo m'bandakucha muone nthawi imene amanyamukira kupita kuntchito, kutalika kwa ulendo wake, kukula kwa chipinda chimene akulipira lendi. Pitani nawo kutchalitchi kapena kumzikiti kumene Amalawi amasonkhana. Ife otsala kumudzi timafulumira kuimba foni kuti tumizani ya feteleza, tumizani ya fizi, osadziwa kuti randi imodzi imabwera bwanji. Amene waona ndi maso ake amapempha mosiyana.

Ndipo inu amene mukukhala kumeneko, ndikupempheni. Ndikudziwa kuti tsiku lopuma ndi limodzi pasabata ndipo thupi limakhala litatopa. Komabe amayi kapena abambo akabwera kudzaona zidzukulu, musangowatsekera m'nyumba ndi TV kudikira Loweruka la kumashopu. Atengereni ku Newtown akaone komponi ija, ndipo ana anu obadwira konko apite nawo. Bambo wachikulire amene bambo ake anapita ku Wenela akaima pafupi ndi mabedi a simenti aja adzakuuzani mayina a migodi, za sitima, za ndalama zimene ankakalandirira kumudzi kontrakiti itatha, nkhani zoti simunazimvepo. Tengani foni muwajambule akufotokoza, chifukwa anthu amene akuzidziwa nkhanizi akutha m'midzimu.